Rileyi ya Layisoni

Ndinanama pamaso pa akuluakulu a mpingo, ndipo chifukwa cha bodza langalo munthu wosalakwa anaikidwa m'manda popanda nyimbo. Ndayamba ndi zimenezi kuti ndikamafotokoza za usiku wa pa mlatho wa Namitsitsi musandimvere chisoni. Chisonicho sungirani ena. Ine ndine Filimoni. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma za magetsi a galimoto ndimazidziwa, moti anthu a kwathu kumtunda kuno dzina langa analiiwala, amangoti amisiri.

Munthu ndikunenayu anali Layisoni, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Anali ndi pikiapu yoyera imene ankachitira matola, kutsika nayo phiri kupita ku chigwa n'kukweranso. Mowa sankaulawa. Ku mpingo anali wa kwaya, ndipo besi yake unkaimvera m'chifuwa mwako iwe womvera. Amakanikofe sankatikhulupirira.

"Inu ndinu afisi ovala ovolosi," ankatero akuseka.

Choncho mkazi wake, aNangozo, anatenga kyutekisi wofiira, uja amayi amapaka m'zikhadabo, n'kudonthezera pa chitsulo chilichonse cha mwamuna wawo: masipanala, jeke, ngakhale tizipangizo ta m'kati mwa boneti, kuti wosinthitsa aonekere. Ine ndekha ndi amene Layisoni ankandisiyira makiyi n'kupita kukamwa tiyi.

Tsiku lina anabweretsa galimotoyo kuti ndikonze huta. Nthawi imeneyo nanenso ndinali nditangogula kagalimoto kanga koyamba, kokalamba, ndipo madzulo ake ndinkafuna kukaonekera nako kwa apongozi. Koma rileyi yanga ya magetsi inali yotopa. Amene simuidziwa, rileyi ndi kabokosi kakuda ngati bokosi la machesi. Ukapotokola swichi kamalira kuti ke, n'kutsegulira moto njira yopita ku mababu a kutsogolo. Yangayo inali itapsa m'kati. Ndinaipala ndi sandipepa, n'kuyamba kugwira, koma ndinkadziwa kuti ikatentha imadula. Nditatsegula boneti ya Layisoni ndinaona yake, yatsopano, kadontho kofiira kali pamwamba. Ndikanatha kunena kuti dzanja linapita lokha, koma ayi, ndinalituma ndine. Yake ndinaika m'thumba, yanga yotopayo ndinailowetsa m'malo mwake.

Pobwera anayesa huta, inalira. Ndiye anafunsa monga ankafunsira nthawi zonse asananyamuke.

"Nanga magetsiwa ali bwino, amisiri?"

"Ali bwino. Pitani."

Anandisiyira kathumba ka mbatatesi, n'kunyamuka.

Usiku womwewo pikiapu ija inaphonya mlatho wa Namitsitsi, pamene mtsetse umathera, n'kugwera pa miyala. Kumbuyo ananyamula mayi wina amene anabisa zigubu za kachasu m'matumba a chimanga. Zinaphulika. Anthu othamangirako anapeza fungo la mowa lili ponseponse, malaya a Layisoni atanyowa nawo. Mayiyo anapulumuka, ndipo ali m'chipatala ankangobwereza kuti magetsi anazima pa mtsetse. Koma mawu a wogulitsa kachasu angawamvere ndani? Akuluakulu a mpingo anandiitana poti galimoto inachokera m'manja mwanga. Ndinawauza kuti magetsi anali bwinobwino, ndinawayesa ndekha. Basi, anagamula kuti munthu wafa ataledzera, mpingo sukaimbako. Bokosi linapita kumanda kuli zii. Munthu amene anaimbira maliro a mudzi wonse.

Rileyi ija sindinaitaye. Kagalimoto kanga katatha, ndinaichotsa n'kuika m'galimoto ina. Iyonso itatha, ndinaichotsanso. Mababu apsa, mabatire afa, mawaya awola, koma iyo sinapsepo. Kadontho kaja nakonso sikanasuluke. Ndinayesapo kukapala ndi mpeni, mpeniwo unangoterereka n'kundicheka chala. Mukandifunsa chifukwa chimene ndinkaisungira, kuitaya ndinkakuopa kuposa kuisunga.

Chaka chatha, m'chilimwe cha Okutobala, aNangozo anamwalira ku chipatala cha pa boma. Amene anabwera kudzandiuza anali Enelesi, mwana wawo yekhayo. Pamene bambo ake ankafa n'kuti iye akuyamwa, koma tsopano ndi mayi wa ana ake.

"Ankolo," anatero, "amayi anasiya mawu kuti muwanyamule ndinu. Anati mnzawo wa bambo ako ndi amene akandifikitse."

ANangozo anatengedwa chitengwa, choncho anafuna kukagona pafupi ndi mwamuna wawo kwa Kanyimbi, ku chigwa. Njira yopita kumeneko ndi imodzi, yodzera pa mlatho uja. Chifere Layisoni ndinali ndisanadutsepo usiku. Koma wokhoma bokosi anachedwa, dzuwa linalowa tili pa boma, ndipo ndi kutentha kuja thupi silikanadikira. Kumudzi adzukulu anali atauzidwa kale kuti akayambe kukumba tambala woyamba akalira. Ndinavomera. Ndinaziuza mumtima kuti mayi ameneyu ndikamufikitsa, zivute zitani. Galimoto ndinaiyang'ana ndekha masana ake, waya ndi waya.

Kutsogolo ndinakhala ndi Enelesi. Kumbuyo kunali bokosi, amayi awiri a mpingo oti aziimba, ndi a Yesaya, mlongo wawo wa malemu, bambo wokalamba wokonda nthabwala ngakhale pa siwa. Tikafika pa mtsinje uliwonse ankagogoda pa bokosi.

"Achemwali, tikuwoloka madzi. Musatsale."

Tinayenda bwino mpaka pamene msewu umayamba kutsetsereka. Apo ndinamva ke. Swichi sindinaikhudze. Ndinayang'ana Enelesi, anali atatsinzina, mutu atatsamiza pa galasi. Kenako ke, ke, ngati munthu akugogoda pa chitseko ndi chikhadabo. Kuwala kunasanduka kwachikasu ngati kwa koloboyi. Ndinaika giya yaikulu, phazi pa bureki. Zitsulo za mlatho zitangoonekera patsogolo, mdima unatimeza.

Galimoto inaima. Amayi aja anadula nyimbo pakati pa mawu.

"Amisiri," a Yesaya anaitana kumbuyoko, "mwazimitsa dala kuti musunge batire?"

"Ndi kavuto kakang'ono, achikulire. Musatsike."

"Paja woumba mbiya amaphikira m'phale."

Ndinaika mwala ku tayala n'kutsegula boneti. Mwezi kunalibe. Enelesi anayatsa tochi ya foni yake, koma kuwalako kunkangothera pa mapazi, ngati mdimawo unali utsi. Mtsinje unali utauma, monga umachitira chilimwe chilichonse. Chimene chinandisautsa poyamba ndi bata. Malo ngati amenewa usiku pamalira nkhululu, pamalira tizilombo tosiyanasiyana. Apa ayi. Ndinkamva injini ikuzizira basi.

Ntchito yathuyi ili ndi ndondomeko, ndipo ndinaigwiritsa ndondomekoyo ngati ndodo. Magetsi onse awiri akazima limodzi, usataye nthawi ndi mababu, chifukwa mababu awiri safa tsiku limodzi. Yambira pa fyuzi. Ndinatulutsa tesita yanga, kababu kokhala ndi waya ndi msomali, n'kugunda mbali iyi ya fyuzi, kanayaka. Mbali inayo, kanayakanso. Fyuzi inali yamoyo. Mitu ya batire inali yothina, yopanda chuku. Ndinauza Enelesi kuti aimbe huta kuti ndimve mphamvu ya batire.

Huta inalira bwino. Itasiya, ina inayankha kuchokera pansi pa mlatho. Inali yaifupi, yosasa mawu.

"Ndi phiri likubweza mawu," ndinatero msanga, ngakhale panalibe amene anandifunsa.

Huta imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaikonza ndine.

Ndinapita pa waya wa ethi, uja umamangidwa ku thupi la galimoto. Ndinamasula bawuti, ndinapala dzimbiri lonse mpaka chitsulo chinayera, n'kumanganso.

"Potokola swichi, mwanawe."

Ke. Rileyi inalira bwinobwino. Mdima uli pomwepo.

Apa a Yesaya anatsika. Anavula chipewa n'kuima pambali pa bokosi. Zoti maliro amakana ulendo tonse timazidziwa, ndipo mankhwala ake ndi kuwalankhula.

"Achemwali, ndine Yesaya. Tikupita kwa Kanyimbi kumene munasankha nokha. Ngati ndi za mbuzi ija ndinagulitsa osakuuzani, tikakambirana ndikabwera komweko, si kale. Musatigoneke pa msewu. Mwana wanu ali pano, watopa."

Tinadikira. Anayika dzanja pa bokosi nthawi yaitali, ngati akumvera kutentha kwa mwana wodwala. Kenako anavala chipewa.

"Awa sakukana," anatero motsitsa mawu. "Awa akufuna kupita. Wotsekereza ndi wina."

Amayi aja anafunda zitenje kumutu.

Ine ndinati za mizimu zikhale apo, moto wa batire sudziwa mzimu. Ndinatulutsa waya wautali m'bokosi la zitsulo. Iyi ndi njira yomaliza ya mmisiri aliyense: kulumpha fyuzi, kulumpha swichi, kulumpha rileyi, kutenga moto pa batire penipeni kupita nawo pa babu. Pamenepo babu likakhala lamoyo liyenera kuyaka, palibe kuchitira mwina. Ndinalumikiza. Silinayake. Ndinalizula m'nyumba yake kuti ndione ngati lapsa, waya akadali womangirira. Nditatembenuka nalo kuyang'ana kumtunda kumene tinachokera, linayaka mpaka kundiotcha zala. Msewu wonse wobwerera unaonekera, miyala ndi mitengo yomwe. Nditalilozetsa ku mlatho, linafiira pang'onopang'ono ngati khala, n'kuzima. Ndinabwereza. Kumtunda, ngwee. Ku mlatho, bii.

"Ankolo, babu limatero?" anafunsa Enelesi.

"Waya akumasuka ndikatembenuka."

Wayayo ndinali nditamugwira ndi pulayala.

"Tibwerere, tikagone pa boma," mmodzi wa amayi aja anatero. "Njira yatsegukira komweko."

"Amayi anga sabwerera ku chipinda chozizira chija," anayankha Enelesi. Sanakweze mawu. "Kwa Kanyimbi kuli anthu akhala pa moto kudikira."

"Sitibwerera," ndinatero inenso. "Ndikonza."

Ndinapapasa pamene ndinaika tesita kuti ndiyambirenso. Panalibe. Ndinafufuza pa batire, m'matumba, pansi pa galimoto. Ndinatuma Enelesi kuti akaone pa mpando, iye anapita ndi foni yake, ine ndinatsala mu mdima nditaweramira mu boneti.

Ndi pamene ndinamva kuti pambali panga paima munthu. Mapazi ake sindinawamve akubwera. Ndinamva fungo la matope a mu mtsinje, ndi kafungo kena pansi pake, kowawasa, kamene aliyense wokulira pafupi ndi otcheza kachasu amakadziwa. Mutu sindinadzutse. Ndinayang'ana pansi. Kakuwala ka foni kodutsa pansi pa galimoto kanandionetsa nsapato, zakuda, zomanga bwino zingwe. Zinali zonyowa. Madzi ankadontha kuchokera ku buluku, fumbi n'kumawamwa. Mvula inali isanagwe chichokere Epulo.

Anaima monga amaimira mwini galimoto mmisiri akamagwira ntchito, moleza mtima, manja kumbuyo. Manjawo sindinawaone, koma ndinadziwa.

"Nanga magetsiwa ali bwino, amisiri?"

Sanafunse mwaukali. Anafunsa ngati munthu amene akukhulupirira kuti chimene ndiyankhe ndi choona.

Yankho lakale lija linali pa lilime, lokonzeka kale, chifukwa ndinalinena kwa iye, ndinalinena kwa akuluakulu, ndinalinena kwa mkazi wanga ndi kwa ine ndemwe zaka zonsezi. Ndinaluma mano kuti lisatuluke.

"Ankolo, pa mpando palibe." Enelesi anabwera ndi kuwala. Pambali panga panalibe munthu. Pa fumbi panali malo onyowa.

"Mumalankhula ndi ndani?" a Yesaya anafunsa kumbuyoko.

"Ndimalankhula ndekha."

"Ndiye muli ndi mawu awiri."

Enelesi anakweza foni kuyang'ana ku mlatho. Pa mutu wa chitsulo choyamba, pamene panaoneka kuti panawotchereredwa kale, tesita yanga inali chiimire, msomali pansi. Kababu kake kankayaka. Waya wake ankangolendewera m'malere, wosalumikizidwa ku chilichonse. Palibe amene anapita kukaitenga.

Chinatsala chinthu chimodzi chimene ndinali ndisanachikhudze, ndipo mmisiri wina aliyense akanathamangira pomwepo atangoyesa fyuzi. Enelesi si mmisiri, koma ali ndi makutu.

"Chikulira kuti ke chija n'chiyani? Bwanji osachiona chimenecho?"

"Chimenecho chili bwino."

"Mwachiona?"

Ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi. Ndinagwira rileyi ija, chala chachikulu nditaphimba pamwamba pake. Inali yozizira ngati mwala wa mu mtsinje, pamene zonse zoizungulira zinali zotentha. Ndinaizula. Ili m'dzanja langa, yosalumikizidwa, inalira. Ke. Chala chinasuntha, kuwala kwa foni kunagwera pa kadontho kofiira.

Enelesi anayang'ana nthawi yaitali.

"Kwathu kuli sipanala ya chonchi," anatero. "Ndi jeke. Amayi sankalola munthu kubwereka. Ankati ndi zokhazo zinatsala za bambo." Anandiyang'ana kumaso. "Ichi chikutani m'galimoto mwanu?"

Bodza linalipo, lapafupi. Ndikanati ndinatola pa ngozi, kapena anandipatsa yekha. Akanakhulupirira, poti ankandiyesa bambo wake wamng'ono. Ndinayang'ana ku bokosi. Mayi uja anakhala moyo wake wonse akulozedwa chala kuti ndi mkazi wa chidakwa chonamizira kupemphera, ndipo pomwalira anasankha ine kuti ndimunyamule. Kaya ankadziwa, kaya sankadziwa, sindidzamva. Chimene ndinaona n'chakuti fyuzi ndaiyesa, ethi ndapala, babu ndi lamoyo, batire ndi lodzaza. Vuto linali litatsala pamalo amodzi.

"A Yesaya, bwerani kuno. Amayi inu, bweraninso. Ndinene kamodzi."

Ndinawauza zonse, kuyambira pa huta mpaka pa kathumba ka mbatatesi. Ndinawauza za sandipepa. Ndinawauza zimene ndinayankha akuluakulu a mpingo. Mawu ankatuluka ouma ngati ndikuwerengera kasitomala zimene zawonongeka. Nditamaliza, a Yesaya, munthu wosasowa chonena, anangokhala pansi pa msewu, pa fumbi pomwepo.

"Ine ndinamutukwana mlamu wanga ali m'bokosi," anatero. "Ndinati wachititsa manyazi mlongo wanga."

Enelesi sanalire. Anatambasula dzanja.

"Bweretsani."

Ndinamupatsa rileyi ija. Anaimanga pa nsonga ya chitenje monga amangira amayi chinthu choti chisatayike.

"Ku sukulu ankanditcha mwana wa kachasu," anatero. "Ndinkabwera kwa inu ndikulira, inu n'kumandigulira zitumbuwa. Mukukumbukira?"

"Ndikukumbukira, mayi."

"Mwanena zimene zinachitika. Koma pali mawu amodzi sindinawamve, ndipo woyamba kuwamva si ine. Mukawanena mawa kumanda, anthu onse ali pomwepo, ndi a mpingo omwe. Mukaopa, ndikanena ndine inu mutaima pambali panga. Tsopano tsekani boneti. Amayi akuchedwa."

"Popanda rileyi magetsi sangayake. Ndilumikize waya kaye."

"Waya wanu uja mwamuyesa kale. Kwerani."

Ndinabwezera babu m'malo mwake, ndinachotsa mwala ku tayala, ndinakwera. Ndinaliza injini. Ndinali nditatsimikiza kuti ndiwoloka ndi kuwala kwa foni, ngakhale mokwawa, ngakhale wina ayende patsogolo atanyamula chitenje choyera. Dzanja linapotokola swichi mwachizolowezi.

Ke.

Kulirako kunachokera pa miyendo ya Enelesi, m'chitenje muja. Magetsi anayaka. Sanali owala monga ndimawadziwira, anali achikasu, ofooka, ongofika mapazi ochepa kutsogolo. Koma matabwa a mlatho ankaoneka. Ndipo pa matabwapo, pamene kuwala kumathera, panali mapazi onyowa. Ndikasuntha pang'ono, ena atsopano ankaoneka patsogolo pake, limodzi kumanja, lina kumanzere, pakati penipeni pa mlatho. Woponda sankaoneka. Nthawi zonse ankakhala sitepe imodzi kunja kwa kuwala.

Enelesi anawaona. Anagwira mfundo ya chitenje ndi manja awiri.

Kumbuyo ndinamva kugogoda pa bokosi. Anali a Yesaya.

"Achemwali, tikuwoloka madzi. Musatsale." Anagogodanso. "Alamu, nanunso."

Ndinatsatira mapaziwo. Titawoloka sanathe. Anapitirira pa fumbi la msewu wa ku chigwa, ndipo pamene panali dzenje kapena mchenga wozama ankakhotera kumbali, ine n'kukhotera komweko. Munthuyu msewu umenewu ankaudziwa kuposa ine.

Patapita kanthawi amayi aja anayambanso kuimba, motsitsa, poti mantha akakula munthu amaimba. Anali amayi awiri okha, wina wa mawu oyamba, wina wa achiwiri. Pa ndime yachiwiri pansi pa mawu awo panalowa besi. Ndinaimvera m'chifuwa, ndinaimvera m'chiwongolero. A Yesaya kuimba sadziwa, mudzi wonse ungakuuzeni. Amayiwo anazengereza pang'ono, kenako anapitiriza, ndipo sanasiye mpaka tinaona moto wa pa siwa kwa Kanyimbi. Nditaimitsa galimoto pa bwalo, magetsi anazima okha. Besi ija inali itasiya pa mtengo wa mkuyu wolowera m'mudzi, pamene njira ya kumanda imapatukira.

Kutacha ndinatsegula boneti. Malo a rileyi anali pululu, timabowo take tili poyera. Ndinapotokola swichi, sipanayake kanthu, monga ziyenera kukhalira.

Usiku wonsewo ndinakhala pa moto ndi amuna anzanga, ndipo galimoto inali pomwepo, makiyi ali m'thumba. Kutacha msewu unali woyera, wosafuna magetsi. Maganizo othawa anandifikira, sindikana. Koma ndinali nditanena kuti mayi uja ndikamufikitsa, ndipo ndinaona kuti kumufikitsa sikuthera pa bwalo.

Kumanda kunali anthu ambiri. Mpingo unabwera ndi kwaya yonse, poti aNangozo sanasiye kupemphera ngakhale mpingowo unakana mwamuna wawo. Mwa akuluakulu amene anandifunsa kale aja munatsala mmodzi, woyenda ndi ndodo. Dzenje linakumbidwa pafupi ndi mtumbira wakale, wophwa, wokhala ndi mtanda wachitsulo wodyedwa ndi dzimbiri. Bokosi litatsitsidwa, Enelesi anamasula mfundo ya chitenje n'kupereka kabokosi kakuda kaja kwa mdzukulu amene anali m'dzenje, kuti akaike kumutu. Anthu anayang'anana. Enelesi anayang'ana ine.

Zimene zinatsatira pambuyo pake ndinene mwachidule. Sabata yotsatira kwaya inabwerera kumanda kuja kukaimba pa mtumbira wakalewo, ndipo mkulu wa ndodo uja ndi amene anayambitsa nyimbo. Makasitomala ambiri anandithawa. Enelesi sandipatsa moni mpaka lero, ndipo sakulakwa. Tesita yanga sindinakaitenge.

Koma tsikulo, adzukulu asanagwire makasu, ndinapempha mwayi wolankhula. Wotsogolera mwambo anati nthawi ya mawu inatha kunyumba. A Yesaya anati musiyeni. Ndinavula chipewa, ndinadutsa pakati pa anthu, ndinagwada pa mtumbira wa Layisoni. Ndinakweza mawu kuti wa kumbuyo kwenikweni amve.

"Layisoni, ndine Filimoni. Unandifunsa ngati magetsi ali bwino. Sanali bwino. Rileyi yako ndinaba ndine, ndinakuikira yakupsa, ndikudziwa kuti ikadula pa njira. Mowa sunamwe. Sunamwepo chibadwire. Ndinanama kwa iwe, ndinanama kwa mpingo, ndinasiya mkazi wako ndi mwana wako asenze manyazi anga, ine ndikuyendera kuwala kwako. Ndinakupha ndine, ndipo nyimbo zako ndinakulanda ndine. ANangozo, munandikhulupirira mpaka tsiku lomaliza. Ndinalakwa. Pepani. Pepa, mnzanga."